Makina Osindikizira Apamanja m'Sukulu za Ukachenjede: Mbiri ya Wai-te-ata Press ndi Phunziro Lake kwa Okonza Kalembedwe

1.0 Mawu Oyamba

M'chaka cha 1962, Donald Francis McKenzie, mphunzitsi wa Chingerezi pa Victoria University of Wellington ku New Zealand, adakhazikitsa kanyumba kosindikizira mabuku komwe adakatcha Wai-te-ata Press, potengera dzina la msewu umene kanyumbako kadali. Chuma chachikulu cha m'menemo chidali makina achitsulo a mtundu wa Stanhope, opangidwa m'chaka cha 1813, amene adabwerekedwa ku Cambridge University Press. Makinawo adali ndi zaka pafupifupi 150, ndipo osindikiza amalonda adali atawasiya kalekale. Komabe yunivesite idawapatsa malo, ndipo ophunzira adayamba kusanja zilembo ndi manja monga momwe ankachitira osindikiza a m'zaka za m'ma 1600.

M'pepala lino tifotokoza kumene maganizo oika makina otere m'sukulu za ukachenjede adachokera, zimene adabala ku Wellington, ndi chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza ife amene timasanthula ziyankhulo ndi kukonza malamulo a kalembedwe. Mfundo yathu ndi imodzi. Kalembedwe kogwirizanidwa pa msonkhano wa akatswiri kamayenera kudutsa m'manja mwa wosanja zilembo kasanafike kwa woŵerenga, ndipo chimene mulibe m'bokosi la wosanjayo sichifika pa pepala. Pano tidzati lembo ponena za chizindikiro cha m'alifabeti, ndipo tidzati chilembo ponena za kachitsulo kosindikizira lembolo.

2.0 Ntchito ya Wosanja Zilembo

Kuti zotsatirazi zimveke, tiyambe tafotokoza ntchitoyo mwachidule. Chilembo chilichonse ndi kachitsulo pakokha, koumbidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini ndi antimoni, ndipo nkhope yake njotembenuka monga momwe zolembedwa zimaonekera pa galasi. Zilembo zimasungidwa m'mabokosi aŵiri amatabwa: lakumwamba la zazikulu, lakumunsi la zazing'ono. Bokosi la zazing'ono ndi logaŵidwa m'tizipinda tosiyana kukula. M'bokosi lopangira Chingerezi, kachipinda kakakulu koposa tonse n'ka e, popeza ndilo lembo lopezeka kaŵirikaŵiri m'chiyankhulocho, pamene z, x ndi q ali m'tizipinda tating'ono cha kumbali. Nawonso oumba zilembo ankagulitsa katundu wawo motsata muyeso womwewo: e wambiri, z woŵerengeka.

Wosanja amatola chilembo chimodzichimodzi n'kumachiika chozondoka m'kachitsulo kogwirira ku dzanja lamanzere. Mzere uliwonse uyenera kudzaza ndendende, chifukwa mzere wokhwepa umamwazika pounyamula. Motero amawonjezera kapena kuchepetsa timipata pakati pa mawu kufikira mzerewo utalimba. Mizere ikakwana masamba imamangidwa m'felemu yachitsulo n'kupakidwa inki, ndipo pepala limapanikizidwa pamwamba pake. Ntchito ikatha, zilembo zonse zimabwezedwa m'tizipinda take kuti zikagwire ntchito pa masamba ena.

Njira imeneyi, imene Johannes Gutenberg adaiyambitsa ku Ulaya mumzinda wa Mainz cha m'ma 1450, idakhala osasintha kwenikweni kwa zaka zoposa 400. Makina a Linotype, amene adayamba kugwira ntchito ku New York m'chaka cha 1886, ndi a Monotype amene adadza pambuyo pake, adalanda ntchito yambiri yosanja ndi manja. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kusindikiza kwa offset kudachotsa mtovu m'nyumba zambiri zosindikizira, ndipo kompyuta idamaliza zotsala. M'maiko ambiri zilembo zidagulitsidwa pa sikelo n'kusungunulidwa.

3.0 Momwe Lusoli Lidaloŵera m'Kalasi

Amene adayamba kuitanira lusoli m'kalasi adali akatswiri okonzanso mabuku akale a Chingerezi, makamaka maseŵero a William Shakespeare ndi anzake. Zolemba zapamanja za maseŵero ambiri a nthaŵi imeneyo zidatayika, ndipo chidatsala ndi mabuku osindikizidwa, okhala ndi zolakwa zambiri ndi kalembedwe kosiyanasiyana. Funso lidali lakuti: pa tsamba ili, za mlembi n'ziti ndipo za wosindikiza n'ziti? M'chaka cha 1913, R. B. McKerrow adalangiza kuti wofuna kuyankha funso lotere ayambe wasanja yekha masamba angapo ndi kuwasindikiza. Buku lake la 1927, An Introduction to Bibliography for Literary Students, lidafalitsa maganizo ameneŵa kwa ophunzira ambiri.

Langizolo lidatenga nthaŵi kuti litsatidwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, A. H. Smith, katswiri wa Chingerezi chakale ndi wa maina a malo, adapanga makina amatabwa potsanzira akale ku University College London. Laibulale ya Bodleian ku Oxford idatsegula chipinda chophunzitsiramo lusoli m'chaka cha 1949, ndipo Philip Gaskell adayambitsa Water Lane Press ku King's College, Cambridge, m'chaka cha 1953. Pamene Gaskell ankalemba za ntchito imeneyi mu 1965, adaŵerenga nyumba zotere zoposa 20.

Zimene akatswiri adapeza n'zofunika kwa aliyense wosanthula mbiri ya kalembedwe. Joseph Moxon, amene adalemba buku loyamba la Chingerezi lofotokoza ntchito yosindikiza mu 1683 ndi 1684, adanena kuti mwambo udaika pa wosanja zilembo udindo wokonza kalembedwe ndi zizindikiro za mlembi wosasamala. Charlton Hinman, atayerekeza makope oposa 50 a buku lalikulu la maseŵero a Shakespeare la 1623, adaonetsa m'chaka cha 1963 kuti bukulo lidasanjidwa ndi anthu osachepera asanu, aliyense ndi chizoloŵezi chake: wina ankalemba doe ndi goe pomwe mnzake ankalemba do ndi go. Nthaŵi zina e wakumapeto ankaikidwa kapena kuchotsedwa pongofuna kuti mzere udzaze. Choncho katswiri wotenga kalembedwe konse ka m'bukumo ngati umboni wa kayankhulidwe ka mlembi amakhala akuŵerenga zizoloŵezi za antchito a m'nyumba yosindikizira.

Umboni wina ukuchokera ku Scotland. Chiyankhulo cha Scots chidali ndi lembo lakale ȝ, lotchedwa yogh, limene m'mawu ambiri linkaimira liwu lofanana ndi y wathu. Osindikiza analibe chilembo chake m'mabokosi awo, choncho adatenga z, amene ankafanana nalo m'maonekedwe. Patapita mibadwo, anthu adayamba kutchula z amene ankamuona pa pepala. Dzina la McKenzie mwiniwakeyo ndi chitsanzo: z wa m'dzinali adaloŵa m'malo mwa ȝ, ndipo lero amatchulidwa monga z weniweni. Kusoŵa kwa kachitsulo kamodzi kudasintha katchulidwe ka dzina la banja.

4.0 McKenzie ndi Wai-te-ata Press

McKenzie (1931–1999) adabadwira ku Timaru, ku New Zealand, ndipo adakachita maphunziro ake apamwamba ku Cambridge moyang'aniridwa ndi Gaskell. Kumeneko adafufuza makaundula a malipiro a nyumba yosindikizira ya yunivesiteyo, ndipo zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 1966 m'mabuku aŵiri otchedwa The Cambridge University Press, 1696–1712. M'nkhani yake ya 1969, Printers of the Mind, adatsutsa akatswiri amene ankaganiza kuti osindikiza akale ankagwira buku limodzi mpaka kulimaliza, pa liŵiro losasintha. Makaundula adaonetsa kuti mabuku angapo ankasanjidwa pa nthaŵi imodzi, kuti buku limodzi linkagaŵidwa kwa osanja angapo, ndi kuti ntchito ya munthu mmodzi inkasiyana kwambiri sabata ndi sabata. Chenjezo lake lidali lakuti katswiri asamadziumbire wosindikiza wa m'maganizo, woyenerana ndi mfundo zimene iye afuna kutsimikiza.

Wai-te-ata Press idali mankhwala a matenda ameneŵa. Wophunzira amene watha masana onse akusanja ndime imodzi amadziŵa ndi zala zake chifukwa chimene n amaonekera m'malo mwa u, chifukwa chimene b ndi d amasinthanira, ndi chimene chimachitika chilembo china chikatha m'bokosi tsamba lisanathe. Kuwonjezera pa kuphunzitsa, nyumbayi idasindikiza ndakatulo za alembi a m'dzikomo, ndipo m'chaka cha 1967 wopeka nyimbo Douglas Lilburn adayambitsa nthambi yofalitsa nyimbo zolembedwa pansi pa dzina lomwelo. McKenzie adasamukira ku Oxford mu 1986. Kuyambira mu 1995 nyumbayi idatsogozedwa ndi Sydney Shep, ndipo m'zaka za m'ma 2010 idalandira udindo wosunga zilembo za Chitchaina zimene bungwe la Atchaina olima ndiwo zamasamba lidaitanitsa ku Hong Kong mu 1952 posindikiza nyuzipepala yawo ya mwezi ndi mwezi, imene idafalitsidwa kufikira mu 1972. Motero nyumba imene idayamba ndi cholinga chomvetsa mabuku akale a Chingerezi idasanduka nkhokwe ya mbiri ya ziyankhulo zina za m'dzikomo.

M'zaka zomwezo lusoli lidakula m'mayunivesite enanso. Ku United States, Terry Belanger adayambitsa Rare Book School pa Columbia University mu 1983, ndipo idasamukira ku University of Virginia mu 1992. University of Iowa idatsegula Center for the Book mu 1986, kuti kusindikiza kuphunzitsidwe pamodzi ndi kupanga mapepala ndi kusoka mabuku.

5.0 Bokosi la Colenso

Ntchito ya McKenzie yotikhudza kwambiri ndi imene adafalitsa mu 1985 yonena za kusindikiza koyamba m'Chimaori. Kalembedwe ka Chimaori kadayamba kukhazikika m'chaka cha 1820, pamene mafumu aŵiri, Hongi Hika ndi Waikato, pamodzi ndi mmishonale Thomas Kendall, adagwira ntchito ndi Pulofesa Samuel Lee ku Cambridge. Pa 30 Disembala 1834 ku Paihia kudafika William Colenso, wosindikiza wa zaka 23 wotumidwa ndi Church Missionary Society, ali ndi makina a Stanhope, mtundu womwe uja wa ku Wai-te-ata. Amene adalongedza katunduyo ku London adaiŵala zinthu zofunika zingapo, kuphatikizapo mapepala ndi mabokosi a zilembo. Colenso adapangitsa mabokosi kwa mmisiri wa matabwa wa m'deralo, ndipo popeza Chimaori chili ndi malembo ochepa kuposa Chingerezi, adawakonza motsata Chimaori chokha. Zilembo zosafunika m'chiyankhulocho adazikulunga m'timapepala n'kuziika pambali. Choncho m'nyumba imeneyo Chimaori chinkasanjidwa msanga, pamene Chingerezi chinkavuta ndi kuchedwa. Ndi mabokosi ameneŵa adamaliza kusindikiza makope 5,000 a Chipangano Chatsopano mu Disembala 1837.

Kalembedwe ka nthaŵi imeneyo kadali ndi mipata iŵiri. Woyamba, liwu limene lero limalembedwa wh lidali lisanasiyanitsidwe ndi w: m'Pangano la ku Waitangi la pa 6 Febuluwale 1840, mawu otanthauza dziko kapena nthaka adalembedwa wenua, pomwe lero amalembedwa whenua. Wachiŵiri, malembo a liwu aatali sadasiyanitsidwe ndi aafupi, ngakhale kusiyanaku kumasintha tanthauzo: wahine ndi mkazi mmodzi, wāhine ndi akazi ambiri. Mpata woyamba udatsekedwa msanga, m'zaka za m'ma 1840, ndipo sudafune chilembo chatsopano, popeza w ndi h adalimo kale m'bokosi. Wachiŵiri udakhala zaka zoposa 100. Kamzere kapamwamba kankafuna chilembo chatsopano pa lembo la liwu lililonse, lalikulu ndi laling'ono, pa msinkhu uliwonse ndi pa mtundu uliwonse wa zilembo, ndipo makina otayipira analibenso kamzereko. Bruce Biggs wa ku University of Auckland adalimbikitsa kubwereza lembo, monga waahine, njira yosafuna chipangizo chatsopano, imene anthu a ku Waikato adaitsata. Bungwe loona za Chimaori, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, lidasankha kamzere. Koma ngakhale apo ambiri ankaika timadontho tiŵiri pamwamba pa lembo, popeza makompyuta a nthaŵiyo adali ndi timadonthoto pamene kamzere kadali kovuta kupeza.

Colenso yemweyo ndiye adasindikiza panganolo m'Chimaori pa 17 Febuluwale 1840, ndipo pa tsiku losaina adali atafunsa poyera ngati mafumu adamvetsadi zimene ankavomereza. Kope la Chingerezi lidati mafumu apereka ulamuliro wonse kwa Mfumukazi Victoria. La Chimaori, limene ambiri mwa mafumu oposa 500 adasaina, lidagwiritsa ntchito mawu akuti kāwanatanga, opangidwa kuchokera ku mawu otanthauza bwanamkubwa, ndipo lidawasiyira rangatiratanga, ndiko kuti ufumu wawo. McKenzie adati amishonale adaŵerenga mabuku ogaŵidwa n'kuyesa kuti aŵerenga anthu odziŵa kulemba ndi kuŵerenga, pamene kwa mafumu zoyankhulidwa pabwalo zidali ndi mphamvu koposa zizindikiro za pa pepala. Okonza ndondomeko ya ziyankhulo ayenera kusunga chenjezo limeneli pamene ayesa ntchito yawo ndi chiŵerengero cha mabuku osindikizidwa.

6.0 Umboni wa ku Africa

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Tikatenga zimene taona ku New Zealand n'kuyang'ana nazo mbiri ya kalembedwe kuno ku Africa, tipeza nkhondo yomwe ija ya pakati pa khutu la katswiri ndi bokosi la wosindikiza. Alifabeti ya Richard Lepsius ya 1855, yokonzedwanso mu 1863, idadalira tizizindikiro tambiri pamwamba ndi pansi pa malembo, ndipo lembo lililonse lotere linkafuna chilembo chakechake. International Institute of African Languages and Cultures, yokhazikitsidwa mu 1926, idapereka njira ina mu 1927: malembo atsopano monga ŋ, ɛ ndi ɔ. Ameneŵa adakhazikika m'ziyankhulo zina za ku Ghana, koma kumwera kuno adakumana ndi mavuto.

Chitsanzo choonekeratu n'cha Chishona. Lipoti la Clement Doke la 1931 lidabweretsa malembo apadera asanu ndi limodzi: ɓ, ɗ, ŋ, ȿ, ʋ ndi ɀ. Mwa kamvekedwe ka mawu, malemboŵa adali olondola. Koma makina otayipira ambiri ndi nyumba zambiri zosindikizira zidalibe zilembo zake, ndipo mu 1955 onse adachotsedwa. Kusiyana kwina kwa maliwu kudatayika pa pepala kufikira mu 1967, pamene kudabwezedwa pophatikiza malembo wamba, monga bh, dh ndi vh. Zaka 24 za mabuku a sukulu zidatsala m'kalembedwe kamene ana obwera pambuyo sankaphunzitsidwa.

Chicheŵa nachonso chidaleredwa m'nyumba zosindikizira za mamishoni, monga za ku Blantyre, kumene magazini ya Life and Work idayamba kutuluka mu 1888, ku Nkhoma ndi ku Likuni. Wosanja Chicheŵa m'bokosi la Chingerezi amapeza e wambiri wosafunika, q ndi x osagwira ntchito, pamene a, k, w ndi z amatha msanga. Z yekhayo, amene Mngerezi adamupatsa kachipinda kakang'ono, timamufuna mu za, mu zi- ndi mu dz pafupifupi mzere uliwonse. Liwu loyamba la ng'ombe, limene alifabeti ya 1927 ikadalilemba ŋ, timalisiyanitsa ndi la ngoma pogwiritsa ntchito n, g ndi nkhodolero, zonse zopezeka m'bokosi lililonse. M'mabuku akale monga Buku Lopatulika timapeza c pamene ife tilemba ch, kalembedwe kamene kadapitirira ku Zambia. Kusintha koteroko kumatalikitsa mawu ndi kuchulukitsa h wofunika pa tsamba lililonse. Kukwera ndi kutsika kwa liwu sitikulemba, kotero kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimaoneka chimodzimodzi pa pepala.

Lembo lathu lokhalo lofuna chilembo chapadera ndi ŵ. Lidaoneka m'mabuku ambiri m'zaka za Chichewa Board, bungwe lokhazikitsidwa mu 1972, limene lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, lisanaloŵedwe m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996. Lemboli lili mu Unicode, mndandanda wa malembo a pa kompyuta umene udayamba mu 1991, ndipo limagwiranso ntchito m'chiyankhulo cha ku Wales. Koma silioneka pa kiyibodi wamba, ndipo olemba ambiri amalisiya, ngakhale m'dzina la dziko la Malaŵi. Zoona, oyankhula ambiri sasiyanitsanso liwuli ndi w. Komabe kiyibodi, monga bokosi lakale lija, imathandiza kuŵeruza mlandu umene udayenera kuŵeruzidwa ndi eni chiyankhulo.

7.0 Mawu Omaliza

Kuchokera m'mbiri imeneyi tikupereka maganizo anayi. Choyamba, makina, mabokosi ndi zilembo zimene zingakhale zitatsala m'nyumba zosungiramo katundu za mamishoni ndi za osindikiza akale zilembedwe m'kaundula zisanafike kwa ogula zitsulo. Bokosi limene mmisiri adalisintha kuti liyenerane ndi chiyankhulo cha kuno, kapena chilembo chimene adaumbitsa mwapadera, ndi umboni umene sungapezeke m'lipoti la komiti iliyonse. Chachiŵiri, amisiri okalamba amene adasanja mabuku athu afunsidwe ndi kujambulidwa mawu, pakuti ndiwo adziŵa amene ankadula mawu kumapeto kwa mzere, amene ankasankha kuphatikiza kapena kulekanitsa mawu, ndi amene ankamvera kapena kunyalanyaza malamulo atsopano. Chachitatu, lamulo lililonse latsopano la kalembedwe liyambe layesedwa pa zipangizo zimene anthu ali nazo m'manja, ndipo ngati chipangizo chipereŵera, ndalama zochikonzera ziŵerengedwe pamodzi ndi lamulolo.

Chachinayi, dipatimenti yophunzitsa za ziyankhulo ikhale ndi chipinda chimodzi, makina apamanja amodzi ndi mabokosi angapo, monga momwe Wai-te-ata Press idayambira. Ntchito yoyamba ya wophunzira aliyense ikhale yosanja tsamba limodzi la Chicheŵa kuchokera m'bokosi la Chingerezi, ndi kulemba zimene adachita z atamuthera.